Lipoti la maphunziro a nyimbo za ana aang'ono omwe munandituma ku Mangochi Boma

A gulupu, a wapampando, mamembala a komiti ya sukulu yathu ya mkombaphala, alezi anzanga ndi makolo nonse, zikomo. Munandituma ku boma kukakhala nawo pa maphunziro a masiku 3 a kaimbidwe ka nyimbo ndi ana aang'ono pamodzi ndi makolo awo. Ndalemba lipotili kuti nawonso amene sanafike pa msonkhano wa Loweruka, makamaka azibambo omwe anali kunyanja ndi ena omwe ali ku Joni koma ana awo tili nawo kuno, amve okha zomwe ndabwera nazo.

Ndiyambe ndi ndalama, poti ndi zomwe zimayambitsa manong'onong'o. Ya thiransipoti imene munasonkha inakwana kupita ndi kubwera, yotsala ndapereka kwa msungichuma pamaso pa mlembi. Alawansi yomwe okonza maphunzirowo analonjeza sinatuluke tsiku lomaliza. Anatilemba manambala a foni, ati atumiza, koma mpaka lero kuli zii. Ikalowa ndidzanena.

Tinakumana alezi a ku Namwera, Malindi, Monkey Bay, kwa Chimwala ndi kwa Katuli. A ku Makanjira anatipeza titayamba kale, mtunda wake mukuudziwa.

Ine ndinanyamuka kuno ndikuganiza kuti tikukatenga nyimbo zatsopano za Chingerezi zoti tidzaloweze ana, mpaka ndinagula kope. Mphunzitsi wathu, mayi wachikulire ndithu, anayamba ndi kutichotsa pamipando n'kutikhazika pamikeka. Kenako anati aliyense aimbe nyimbo imene amayi ake kapena agogo ake ankamuimbira ali kumsana. Kunagwa bata lochititsa manyazi. Anthu akuluakulu, ena a MSCE, kungoyang'anana ngati tagwidwa tikuba. Patapita kanthawi mayi wina wa ku Namwera anayambitsa kanyimbo ka Chiyao kotonthozera mwana, mawu akunjenjemera, ndipo asanafike pakati theka la chipinda linali likuvomera. Inenso ndinali m'gulu la ovomerawo. Nyimboyo ndimaidziwa kuyambira ndili kamwana, koma pa zaka 7 zomwe ndakhala mlezi pano sindinawaimbirepo ana anu ngakhale kamodzi, chifukwa m'mutu mwanga sinali nyimbo ya kusukulu.

Apa ndi pomwe panagona maphunziro onse. Mwana amakhala nafe alezi maola ochepa a m'mawa, nthawi yonse yotsalayo ali ndi inu. Nyimbo yomwe waimba kusukulu kokha imathera pomwepo, koma yomwe amayi ake aimba naye imamutsatira kunyumba, pomusambitsa, popita kudambwe, pogona. N'chifukwa chake kalasi yomwe anatiphunzitsayi siyoti kholo lisiye mwana pakhomo la sukulu n'kubwerera. Kholo likhale pamkeka, mwana pamiyendo. Mlezi amangotsogolera.

Anatipatsanso zifukwa zake. Mwana amayamba kumva mawu akadali m'mimba, cha m'mwezi wa 6, ndipo akabadwa amasiyanitsa mawu a amayi ake ndi a munthu wina. Pofika zaka 5 ubongo wake umakhala utafika pafupifupi 90 peresenti ya kukula kwa ubongo wa munthu wamkulu. Ndiye kudikira kuti maphunziro adzayambe ali ndi zaka 6 mu Sitandade 1 n'kuchedwa. Dziko lathu lili ndi ndondomeko ya mmera mpoyamba, yokhudza kulera ndi kuphunzitsa ana aang'ono, kuyambira 2003, ndipo mu 2018 mabungwe a WHO, UNICEF ndi World Bank anatulutsa chitsogozo chonena kuti mwana wamng'ono amafunika zinthu 5: thanzi, chakudya choyenera, chitetezo, mwayi wophunzira msanga, ndi womulera amene amamuyankha akamalira, akamaseka kapena akamaloza chinthu. Phala lomwe timaphika pano likugwira pa chakudya. Kuimba ndi mwana maso ndi maso kukugwira pa ziwiri zomalizirazo, ndipo sikulira ndalama.

Mphunzitsi wathu uja anatchulanso akatswiri awiri akunja. Wina ndi Zoltán Kodály wa ku Hungary, amene kuyambira 1905 ankayenda m'midzi ya kwawo kutolera nyimbo za anthu wamba, ndipo ankalimbikira kuti mwana ayambe ndi mawu ake apakamwa ndi nyimbo za chilankhulo chake asanagwire choimbira chilichonse. Wina ndi Shinichi Suzuki wa ku Japan, amene anamwalira mu 1998. Iyeyu anaona kuti mwana aliyense amalankhula chinenero cha kwawo popanda wom'khazika pansi ndi choko, amangomva n'kubwerezabwereza, ndiye anati nyimbo nazonso ziphunzitsidwe chomwecho, kholo lilipo pa phunziro lililonse. Ndinaseka chamumtima. Mpaka ku Japan kuti atiuze zomwe agogo athu ankachita pamtondo mwana ali kumsana! Koma ndinavomereza kuti iwo analemba n'kusunga, pamene ife tikutaya.

Tsiku lachiwiri anabweretsa amayi a pafupi ndi boma ndi ana awo, kuyambira akhanda mpaka a zaka 5, kuti tione kalasi yeniyeni. Inatenga mphindi 30 zokha. Onse anakhala mozungulira. Anayamba ndi nyimbo ya moni yotchula dzina la mwana aliyense, mmodzimmodzi, ndipo mukanaona momwe kamwana kamawalira nkhope gulu lonse likaimba dzina lake. Ina inali yodumphitsa mwana pamiyendo motsatira kugunda kwa nyimbo. Ina yoyambitsa ndi kuvomera, monga timachitira pa nthano, wina akati padangotero ena tilitonse. Kenako masewero omwe anandisangalatsa kuposa onse: ng'oma ikamalira ana ndi makolo akuvina, ikangoti duu aliyense aime pomwe ali osagwedezeka. Poyamba ana ankangopitiriza kuthamanga. Pofika kachisanu ambiri ankaima, khutu lili tcheru kudikira ng'oma. Mwana amene waphunzira kudziimitsa yekha chonchi ndi yemwe adzathe kukhala pansi n'kumvetsera mphunzitsi wa Sitandade 1 m'kalasi la ana ochuluka ngati a kuno kwathu. Anamaliza ndi nyimbo yapansipansi, ana atatsamira amayi awo, ena anagoneratu.

Malangizo ang'onoang'ono anali ambiri, ndisankhe omwe akutikhudza. Nyimbo zisamasinthidwe sabata iliyonse; akuluakulu timatopa nazo msanga, koma ana amakonda yomwe akuidziwa kale. Tiziimba pang'onopang'ono ndiponso mokweza mawu chakumwamba pang'ono, chifukwa mawu a ana ndi aang'ono, sangatsatire besi. Mwana amene wangokhala phee kuonerera asakakamizidwe, akumva, ndipo nthawi zambiri ndi yemwe amakaimba yekha kuseri kwa nyumba. Kukalipa ndi kuopseza ndi kamtengo pa nthawi ya nyimbo ayi. Ndikudziwa kuti apa tidzakhumudwitsana, chifukwa pali amayi ena amene mwana wawo akakana kuvina pagulu amaona ngati wawachititsa manyazi.

Zoimbira sitigula. Malambe ouma omwe ana amatola pansi pa milambe yathuyi ndi maseche okwana kale, ungogwedeza alira. Chigubu chakale kapena ndowa yovundikira ndi ng'oma. Zipanda zouma, timitengo tiwiri togundanitsa, ndi mabotolo apulasitiki oikamo chimanga. Koma botolo litsekedwe zolimba ndi kumatidwa, chifukwa mwana wosakwana zaka 3 chilichonse amaponya m'kamwa, ndipo njere ya chimanga ikalowa m'mphuno ndi ulendo wa kuchipatala. Maseche a zitsekerero za mabotolo zobooledwa ndi msomali anatiletsa kwa ana aang'ono, zimacheka. Ngati pali bambo amene akadali ndi luso losema mangolongondo, adzionetse, ana a zaka 4 ndi 5 angathe kumenya.

Sikuti zonse zinayenda mwamtendere. Bambo wina wa ku Monkey Bay anaimirira n'kunena kuti makolo akuchotsa ana ku mkombaphala kupita nawo ku nazale zolipira chifukwa kumeneko mwana amabwera akulakatula Chingerezi, ndiye ife tikamaimba za Chiyao ndi Chichewa tidzatsala ndi mikeka yokha. Ambiri anawomba m'manja, ndipo sananame, ifenso tataya ana angapo chonchi. Mphunzitsi anayankha kuti Chingerezi sakuchiletsa, koma anatifunsa kuti mwa nyimbo za Chingerezi zomwe timaimbitsa ana, ndi zingati zomwe ife eni ake tingamasulire mzere ndi mzere. Ine ndinawerama. Pali ina yomwe ndaimbitsa ana zaka zonsezi, mawu ake ena ndinazindikira kuti ndimangotafuna. Maganizo anga ndi akuti pa kalasi iliyonse pakhale imodzi ya Chingerezi yomwe tanthauzo lake tikulidziwa ndipo ana angaloze zomwe akuimbazo, monga mutu, maso ndi mapazi. Zotsalazo zikhale za Chiyao ndi Chichewa mosakaniza, poti ana athu ambiri kunyumba amalankhula Chiyao ndipo Chichewa amakumana nacho kwenikweni kusukulu. Nyimbo ndi njira yofewa yowolokera.

Nkhani ya chipembedzo inabukanso, ndipo ndikupempha kuti tiigwire mosamala. Alezi ena anadandaula kuti makolo achisilamu anachotsa ana atamva kuti akuimbitsidwa makolasi a kutchalitchi, ena anati kwawo makolo ena safuna ng'oma. Tinagwirizana kuti nyimbo zopembedzera, za mbali iliyonse, zisalowe m'kalasi imeneyi. Malo ake alipo kale, ku madrasa ndi ku Sande sukulu. Komwe ng'oma ikuvuta, manja ndi mapazi zikwanira. Nyimbo za kujando ndi kunsondo nazonso zikhale komwe zimakhala, pamodzi ndi zina za pachinkhoswe zomwe mawu ake si a ana. Ndikupempha a wapampando kuti tisanayambe akaonane ndi a shehe ndi abusa, amve kwa ife, asamve mphekesera.

Wina anafunsa ngati sitingangogula sipika ndi memore khadi. Yankho linali lakuti sipika siona mwana. Siingachepetse liwiro mwana akatsalira, siitchula dzina lake, siimwetulira. Anatikumbutsanso malangizo a WHO a mu 2019 akuti mwana wosakwana zaka 2 asamaonere za pafoni kapena pa TV, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Ndikunena izi podziwa kuti mafoni ochokera ku Joni ndiwo akutonthoza ana m'makomo ambiri masiku ano, kwanganso.

Pali chinthu china chomwe sindinachiyembekezere. Anatiuza kuti nthawi ya nyimbo ndi mpata woona mwana amene sakumva bwino: amene satembenuka maseche akalira kumbuyo kwake, amene amaima pokhapokha ataona anzake aima, amene dzina lake likaimbidwa sadzidzimuka. Mafinya otuluka m'khutu kwa nthawi yaitali amawononga kumva, chimodzimodzi matenda oumitsa khosi. Mwana wotere atumizidwe kwa alangizi a zaumoyo kuti amulembere za kuchipatala, osati kumuthira mankhwala azitsamba m'khutu. Akulankhula choncho, mtima wanga unathamangira kwa mwana wina amene anadutsa m'manja mwanga zaka zapitazo. Ndinkamuti ndi wamwano, wosamva zonena akulu, ndipo ndinam'kalipira kambirimbiri. Thonje linkakhala m'khutu mwake pafupifupi chaka chonse. Usiku umenewo tulo sindinatione bwino.

Tsiku lachitatu linapita pachabe. Tinadikira mlendo wolemekezeka mpaka dzuwa paliwombo, kenako zolankhula, zithunzi ndi mafomu. Mutu wa ana olumala miyendo ndi osaona, womwe unali pa pulogalamu, sunakambidwe.

Azibambo, pa makolo onse omwe anabwera ndi ana tsiku lachiwiri lija panalibe bambo ndi mmodzi yemwe. Koma inu ndi amene mumaimba pokoka khoka ndi popalasa bwato, nyimbo zogunda bwino zomwe zimagwirizanitsa manja a anthu ambiri. Mwa zimenezo, zomwe mawu ake ndi oyera, ana angazikonde kwambiri. Ndikudziwa kuti wochokera kunyanja m'mawa amafuna tulo. Koma nyengo yotseka nyanja ikafika chifukwa chimenecho sichidzamveka.

Tsono chomwe ndikupempha komiti ndi ichi. Tiyese kamodzi pa sabata, Lachitatu, ana akangomwa phala, mphindi 30. Lachisanu ndalipewa chifukwa cha Juma. Mwana aliyense abwere ndi wamkulu mmodzi, kaya amayi, abambo, agogo kapena azakhali, ndipo wakhanda wa kumsana asasiyidwe kunyumba, kalasiyi ndi yakenso. Mikeka yomwe tili nayo siikwana, banja lililonse litenge wake kapena chiguduli. Chomwe chikundivuta ine ndi amayi oyanika usipa ndi ogulitsa pamsika, omwe m'mawa ndi nthawi yawo yopezera ndiwo, komanso nyengo yolima pomwe ngakhale ana amachepa. Kapena tiziika madzulo dzuwa litapepa? Pamenepa komiti igamule pa msonkhano ukubwerawu, ine ndekha sindingathe.

Kope lija ndinagulira nyimbo za Chingerezi ndayamba kulembamo zathu. Muli 9 zomwe ndinatola kwa alezi anzanga, 6 za Chiyao ndi 3 za Chichewa, koma ziwiri ndili ndi chiyambi chokha, eni ake anaiwala kumapeto. Agogo amene mukukumbukira zotonthozera ana, za pamtondo ndi za m'nthano, bwerani nazo Lachitatu loyamba. Amene miyendo ikuvuta mungotuma mdzukulu, ndibwera ndekha kwanu madzulo ndi kope ndi cholembera.

Ine mlezi wanu amene munam'tuma.