Lipoti la Msonkhano wa Chitetezo M'mapiri Nyengo ya Sinowo

A Wapampando, a komiti, ndi mamembala nonse a gulu lathu loyenda m'mapiri kuno ku Scotland, zikomo pondituma. Msonkhanowu unachitikira kufupi ndi Aviemore, m'munsi mwa mapiri a Cairngorms, ndipo nkhani yaikulu inali kugumuka kwa sinowo. Ndinene mosabisa: ulendo wathu wa mu Januwale sungayende monga tinaukonzera. Tinasankhiratu tsiku ndi njira, pomwe nyengo ino njira imasankhidwa dzulo lake, munthu ataona kumene mphepo yakhala ikuwombera.

Sinowo ikagwa, mphepo imaikokolola mbali ina ya phiri n'kukaiunjika kuseri. Kuno mphepo imakonda kuchokera kumadzulo ndi kum'mwera chakumadzulo, ndiye malo otsetsereka oyang'ana kumpoto ndi kum'mawa ndi amene amadzaza kawirikawiri. Sinowo youluzikayo imagwirana n'kulimba pamwamba, koma pansi pake pamakhala ina yosagwirana. Munthu akaponda, gawo lonse la pamwamba limang'ambika n'kutsika naye ngati napolo.

Izi tinaziona ndi maso. Mphunzitsi anakumba dzenje ndi fosholo, natiuza kuti tizibaya khoma lake kuyambira pamwamba. Pamwamba chala chinkakana kulowa. Titatsika pang'ono, chibakera chonse chinamira, sinowo n'kumangoyoyoka m'manja. Kenako anadula chibuma chachikulu, nachigogoda pang'ono, ndipo gawo la pamwamba linachoka lonse kamodzi n'kugwera pamapazi athu. Kunja kunali kowala bwino, mphepo italeka, tsiku lomwe ife tikanati n'labwino kukwera phiri. Anatinso tikaona ming'alu ikuthamanga kuchokera pansi pa nsapato, kapena tikamva sinowo ikudima pansi pathu, tibwerere pomwepo.

Ngozi zambiri zimachitika pamalo opendekeka madigiri 30 mpaka 45, ndipo pafupifupi 9 mwa ngozi 10 zokhudza anthu, woyambitsa amakhala wovulalayo kapena mnzake wa m'gulu lomwelo.

Bungwe la Scottish Avalanche Information Service limatulutsa uthenga tsiku lililonse, kuyambira cha pakati pa Disembala mpaka Epulo, wokhudza madera 6: Lochaber, Glencoe, Creag Meagaidh, Torridon, komanso kumpoto ndi kum'mwera kwa Cairngorms. Chiopsezo amachiika m'magawo 5, lililonse ndi mtundu wake, ndipo pali chithunzi chozungulira chosonyeza mbali ya phiri ndi kutalika kumene kwaopsa. Chonde abale, tisamangoyang'ana mtundu wokha. Gawo lachitatu, la mtundu wa olenji lotchedwa Considerable, ndi limene limanyenga: limaoneka ngati lapakatikati, anthu amapitabe, koma kuponda kwa munthu mmodzi n'kokwanira kugumula sinowo.

Chimene chandikhala pamtima ndi Chalamain Gap, kampata kamene kali pafupi ndi pomwe tinali. Mu Febuluwale 2013 anthu 3 anafera momwemo, sinowo itagumuka m'mbali n'kudzaza mpatawo. Sanali pansonga ya phiri, ankadutsa pansi. Mwezi wa Januwale chaka chomwecho ena 4 anafa pa phiri la Bidean nam Bian ku Glencoe, ndipo mu Malichi 2019 ena 3 anafa mumpata wotsetsereka wa Number 5 Gully pa phiri la Ben Nevis. Ena mwa ife timati poti tinafika pa Sapitwa, mamita 3,002, Ben Nevis wa mamita 1,345 sangativute. Kulimba miyendo n'kwabwino, koma ku Mulanje sitinaphunzire kuwerenga sinowo.

Munthu akakwiririka, mwayi waukulu wopulumuka uli m'mphindi 15 zoyambirira, ndiye oyamba kukumba ndi ife tomwe. Wina aimbe 999, apemphe apolisi kenako opulumutsa anthu m'mapiri, ena onse akufufuza.

Ndikupempha komiti kuti ulendo wa Januwale ukhale ndi njira ziwiri, ina ya m'chigwa chotakasuka, kutali ndi malo otsetsereka, ndipo wotsogolera akhale ndi mphamvu youimitsa popanda kukangana naye. Zokwera pamwamba tidikire mpaka titalemba mphunzitsi wovomerezeka wa nyengo ya sinowo kuti atiphunzitse tonse. Mitengo ya aphunzitsi komanso yobwerekera mafosholo, timitengo tofufuzira ndi timakina topezera munthu wokwiririka ndaipereka kwa a Msungichuma kuti tidzaikambirane pamsonkhano wathu wotsatira.