Wokhala yekha ku Joni akamwalira, amuperekeza ndani?

A Mkonzi,

Achinyamata ambiri akafika kuno ku Johannesburg amasintha nambala ya foni, kutuluka m'magulu a WhatsApp a kwawo, n'kupeza kachipinda ku Yeoville kapena ku Rosettenville. Sitikuwadzudzula. Munthu amatopa ndi abale opempha ndalama sabata iliyonse, komanso miseche ya anthu akumudzi.

Koma kali kokha n'kanyama. Zimaonekera pa maliro. Kuti thupi lipite ku Malawi pamafunika chiphaso cha imfa cha ku Home Affairs, kalata yoti thupi lakonzedwa ndi mankhwala kuti lisawonongeke, chilolezo cha unduna wa zaumoyo chotulutsira thupi m'dziko, ndi kalata ya ofesi ya kazembe wa Malawi. Zonsezi zimayamba ndi munthu wopita kumotchale kukalizindikira thupilo atanyamula pasipoti ya malemu. Akasowa, thupi limangokhala mufiriji, kenako boma limaliika m'manda a osadziwika. Ulendo wopita ndi thupi ku Malawi ndi wautali: Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, ndipo galimotoyo siyaulere.

Achinyamata inu, tikupempha zochepa. Lowani gulu limodzi la zamaliro, muzisonkha mwezi ndi mwezi, ngakhale misonkhano yake musamapiteko. Funsani malamulo ake msanga, poti magulu ambiri sathandiza wolowa kumene kapena wodumpha miyezi. Ndalama zizikhala kubanki, osainira akhale atatu. Zosungira munthu mmodzi m'thumba zimatha ndi "ndibweza mawa". Anthu awiri odalirika adziwe kumene mukukhala, akhale ndi chithunzi cha pasipoti yanu, dzina la mudzi, mfumu, T/A ndi nambala ya mwinimbumba.

Zinazo, kaya mumapemphera kuti, kaya mumalandira zingati, n'zanu.

Owerenga anu,
Yeoville, Johannesburg