Lipoti la Msonkhano wa ku Nkhata Bay: Kudzutsa ndi Kugoneka Mlongoti Uli Wekha

A Wapampando, akuluakulu a komiti ndi anzanga nonse kuno ku Mzuzu, zikomo pondituma ku Nkhata Bay kukakuimirirani pa msonkhano wa eni maboti ang'onoang'ono a matanga. Tinakambirana za majekete opulumutsira moyo pamadzi komanso za kasamalidwe ka matanga, koma zimenezo ndidzafotokoza pakamwa. Pano ndalemba za mlongoti, chifukwa ndi umene umativutitsa.

Boti lathu timalikoka pa ngolo kutsika nalo msewu wa M5, mlongoti utagona. Tikafika kunyanja timadikira mpaka tikwane anthu atatu kapena anayi oti tiudzutse, nthawi zina mpaka dzuwa kufika paliwombo. Kumsonkhanoku bambo wina wachikulire anadzutsa mlongoti wa boti lofanana ndi lathu ali yekha, ife tikungoyang'ana. Si nyonga ayi. Ndi kamangidwe ka zingwe.

Choyamba, tsinde la mlongoti liyenera kukhala pa hinje yokhala ndi pini, kuti lisathawe pamene nsonga ikukwera. Chachiwiri ndi kamtengo kothandizira. Mlongoti ukagona chakumbuyo, chingwe chochokera kunsonga kwake kupita kumphuno kwa boti chimagona nawo limodzi, ndiye ukakoka umangoukanikizira patsinde osautukula. Bamboyo anaimika kamtengo patsinde pomwepo, kotalika ngati mtunda wochokera patsinde kufika kumphuno. Chingwe chokwezera tanga lakutsogolo anachimanga pamutu pa kamtengoko, ndipo kuchokera pamutu pomwepo anamanga chingwe china chodutsa m'magudumu ang'onoang'ono okokerapo zingwe kupita kumphuno. Akakoka, kamtengo kamagwera kutsogolo, mlongoti n'kumadzuka. Chingwe chopita ndi kubwerera kanayi m'magudumu chimachepetsa katundu kanayi, ngakhale umakoka chingwe chachitali kanayinso. Kulemera kwenikweni kuli koyambirira, mlongoti ukadali pafupi kugona, ukamakwera umapepuka.

Apa ndiye pamene ndikupempha kuti timvetsetsane bwino. Chimene chimaononga maboti si kulemera kwa mlongoti, koma kupendekera kwake kumbali. Mawaya a m'mbali amene amaugwira ukaima amakhala olendewera mpaka utatsala pang'ono kuimirira. Panthawi yonseyo palibe chougwira, ndipo kamphepo pang'ono, kapena munthu kungoponda mbali imodzi ya boti, kakhoza kuupotokola n'kuzula hinje pamodzi ndi thabwa lake. Mankhwala ake ndi zingwe ziwiri zongoyembekezera, china kumanja china kumanzere, zochokera chapakati pa mlongoti. Mfundo zake zam'munsi zikhale pa mzere umodzi ndi pini ya hinje, pamsinkhu wofanananso ndi piniyo. Zikakhala pamenepo zimakhala zokungika kuyambira pansi mpaka pamwamba. Zikatsika kapena kupita patsogolo, zimalimba mopitirira pena, pena n'kumasuka pamene ukuzifuna kwambiri. Kamtengo kothandizira nakonso kamafuna zingwe zake ziwiri zam'mbali. Ine nditaona izi ndinakhulupirira kuti munthu asayerekeze kugwira ntchitoyi yekha popanda zingwezi, kaya akhale wamphamvu chotani.

Anatichenjezanso za mphepo. Mwera umaomba kuyambira cha mu Meyi mpaka Seputembala, ndipo umadzuka mwadzidzidzi. Boti liyang'ane kumene mphepo ikuchokera kapena liifulatire, isalimenye m'nthiti, ndipo ngolo iime pamalo osapendekeka. Musanakoke, yang'anani kumwamba. Mlongoti wathu ndi wa aluminiyamu, ukakhudza mawaya a magetsi munthu akhoza kufera pomwepo.

Ukamva kuti chingwe chalimba mwachilendo, usakakamize. Kawirikawiri ndi waya wam'mbali wakola penapake kapena chomangira chake chapindika. Manga chingwe, pita ukaone. Ndipo mlongoti ukaima, chingwe chokokera chisamasulidwe kufikira waya wakutsogolo utalowa pini yake.

Kugoneka ndi njira yomweyo mobwerera, koma kumafuna mtima wodekha, poti katundu amakula pamene mlongoti ukuyandikira pansi. Chingwe chizengedwe pachitsulo chomangirapo n'kumachilola pang'onopang'ono, ndipo kumbuyo kwa boti kukhale mphanda youlandira.

Pempho langa ku komiti ndi ili. Boti lathu lilibe hinje, tsinde limangokhala m'kabowo, choncho tiyambire pamenepo. Owotcherera zitsulo ku Luwinga angatipangire tikawapatsa miyeso, ndipo pini ikhale yachitsulo chosachita dzimbiri. Kamtengo kothandizira tingakapeze ka bulugamu wouma, wowongoka, wopanda ming'alu. Zingwe tigule zatsopano, zosatamuka. Tikasonkhanitsa zonse tiyesere kuno ku Mzuzu pabwalo, boti lili pa ngolo, mmodzi akukoka ndipo awiri ataima chapatali pang'ono kumbali, osati pansi pa mlongoti, kufikira aliyense wa ife atazolowera. A Msungichuma, chonde mubwere ndi buku la ndalama pa msonkhano ukubwerawu kuti tione ngati hinje ndi zingwe zingagulidwe mwezi uno.