Mankhwala onenepetsa akudwalitsa anthu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndichenjeze anzanga muno mu Zomba za matenda a Cushing, omwe amabwera homoni ya cortisol (timadzi ta m'thupi topangidwa ndi tiziwalo ta pamwamba pa impso) ikachuluka m'thupi kwa nthawi yaitali.

Kawirikawiri gwero lake ndi mankhwala omwe amagwira ntchito ngati homoniyi: prednisolone ndi dexamethasone, amene ena amagula okha kuti anenepe kapena ululu wa m'mafupa uleke, komanso mafuta oyeretsa khungu okhala ndi betamethasone kapena clobetasol. Kwa ena ochepa, chimayambitsa ndi chotupa pa kachiwalo ka pansi pa ubongo.

Nkhope imafufuma n'kukhala yozungulira, mafuta amaunjikana pamimba ndi kumbuyo kwa khosi, chonsecho manja ndi miyendo zikuwonda. Pamimba pamatuluka mizere yofiirira yotambalala, shuga ndi BP zimakwera, ngakhale kudzuka pampando kumavuta. Kumeneku si kunenepa kwa thanzi ayi.

Chondidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti ena akazindikira amangosiya mankhwalawo tsiku lomwelo. Amene wamwa kupitirira masabata atatu asatero, chonde. Tiziwalo ta pamwamba pa impso timakhala titasiya kupanga cortisol, ndiye BP ikhoza kutsikiratu munthu n'kukomoka. Apite kuchipatala atanyamula paketi kapena chubu chake, adokotala amuchepetsere mlingo pang'onopang'ono.

Wazaumoyo,
Zomba