Fainolo ya ku Abidjan sinali ya mwayi

Akonzi,

Ndikutsutsa anzanga kuno ku Ulongué amene mpaka lero amati Côte d'Ivoire idatenga chikho cha Africa mwamwayi. Fainolo ya pa 11 Febuluwale 2024 tidaonera limodzi m'kanyumba ka kanema, jenereta ikulira kuseri. Nigeria itagoletsa kudzera mwa Troost-Ekong idangotsekera kumbuyo. Kessié wa Côte d'Ivoire adabweza ndi mutu, kenako Haller, munthu wochira khansa, n'kumwetsa chachiwiri. Mwayi uli pati pamenepa?

Kumagulu inde, anyamata a Côte d'Ivoire adapulumukira m'kamwa mwa mbuzi atakwapulidwa 4-0 ndi Equatorial Guinea. Apo athokozeko Mambas athu, timu ya Mozambique, amene adabweza zigoli ziwiri kumapeto penipeni n'kulepherana 2-2 ndi Ghana, zomwe zidathandiza Côte d'Ivoire kupitirira.

Wowerenga wanu,
Ulongué, Angónia