Kweza mapiko usanafike padoko

Mwana wanga,

Kuno ku Mpondasi tili bwino, kupatula bondo la mayi ako lija. Tinakondwa kumva kuti ku loji ya ku Cape Maclear akupatsa boti lalikulu lonyamula alendo opita ku chilumba cha Thumbi. Koma pafoni paja unanena mawu amene sanandigonetse tulo, akuti botilo lili ndi ma trim tab koma suwakhudza poti likuyenda bwino momwemo. Mayunitsi anatha ndisanakuyankhe, n'chifukwa chake ndalemba.

Ma trim tabwo, zitsulo ziwiri zili kunsi kumbuyo kwa botizo, china kumanja china kumanzere kwa injini, ine ndinkangozitcha mapiko. Zimagwira ntchito boti likamathamanga. Ukatsitsa mapiko, madzi odutsa pansi amawakankha n'kunyamula kumbuyo kwa boti, mphuno n'kutsika. Alendo akaunjikana mbali imodzi kuti aone nkhwazi ikuwakha nsomba, umatsitsa phiko la mbali yalemerayo, boti n'kuwongoka. Pamenepo ndi abwino ndithu.

Ukaika livesi zinthu zimatembenuka. Madzi tsopano akuchokera kumbuyo, ndipo phiko lotsitsa limawatapa ngati fosholo n'kukokera kumbuyo kwa boti pansi. Boti limalemera, chiwongolero silichimva msanga, ndipo ngati phiko limodzi latsika kuposa linzake limakhotera kumene iwe sunafune. Anyamata ambiri amanamizira injini kapena mphepo, osadziwa kuti vuto alisiya pansi pa madzi okha.

Izi sindinachite kumva kwa munthu. Unali wamng'ono nthawi imene ndinkayendetsa boti pa loji ina cha ku Nkopola. Unali mwezi wa Julaye, mwera uli pachimake. Pobwera ndinatsitsa mapiko onse kuti mphuno izidula mafunde, ndipo nditakocheza ndinaiwala. Alendo ena atakwera ndinaika livesi, n'kuwonjeza moto poona kuti boti likuzengereza. Funde linalowera kumbuyo, thii, mpaka pa batire. Chikwama cha makamera cha mayi wina wachizungu chinayandama ine ndikuona. Malipiro a mwezi umenewo sindinawaone, ndipo fizi yako ya teremu imeneyo tinachita kukongola kwa amalume ako.

Ndiye ukamachotsa moto, doko likadali patali, dina mabatani onse awiri a mapiko mpaka mapiko akwere kotheratu. Sakwera nthawi yomweyo, amatenga masekondi angapo, choncho usachotse chala msanga. Ngati botilo lilibe timagetsi tosonyeza pamene mapiko ali, tuma mnyamata wako asuzumire. Maboti ena amakweza okha ukazimitsa injini, koma livesi umaika injini ikulira, ndiye zimenezo zisakupusitse.

Ku Chembeko, pagombe la Cape Maclear, nthawi zambiri mumakocheza pamchenga. Funde likatembenuza boti, kumbuyo n'kugunda pansi mapiko ali otsitsa, chitsulo chimapindika kapena kachitsulo kokankha phiko kamathyoka. Zimenezo sizipezeka mu shopu ya pa boma, abwana ako adzachita kuitanitsa kutali boti lili chikhalire. N'chimodzimodzi polikweza pa ngolo. Mphepo ya mpoto ikayamba nthawi ya dzinja gombe lanulo silikhala bata monga ukulionera panopa.

Udzakumana ndi akatswiri okuuza kuti potembenuka pa livesi uzitsitsa phiko limodzi kuti likukokere mbali. Kukoka limakoka, koma pang'ono kwambiri, ndipo iwe uli ndi injini yakunja imene imatembenuka yonse ndi pulopela yake. Khotetsa chiwongolero kaye, ika giya, chotsa, uone mmene boti layankhira, kenako ikanso. Boti lilibe buleki. Liwiro lofikira padoko likhale loti ngakhale utagunda thabwa, mlendo asataye tiyi wake. Injiniyo uyikweze pang'ono chabe kuti madzi a pulopela azidutsa pansi pa boti m'malo momenya kumbuyo kwake, koma pulopela isatuluke m'madzi.

Tsiku lina adzakutuma kuno ku boma kudzera mu Shire. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi madzi amakoka kulowera ku Malombe, ndiye pokocheza udutse kaye pamalopo, utembenuke, ubwere mphuno italoza kumene madzi akuchokera. Namasupuni amakonda kukola pa mapikowo, uziwachotsa injini utazimitsa.

Mayi ako akuti jekete yoyandamitsa ija uzivala, usamangogawira alendo. Akutinso ukamabwera kumapeto kwa mwezi usaiwale usipa wouma wa ku Msaka, wa pamsika pano wakwera mtengo.

Ndine bambo ako.