Lipoti la msonkhano wa makopaletivi a alimi ku Lilongwe

A Tcheyamani, akuluakulu a komiti ndi mamembala anzanga, ndabwerako kumene munandituma. Malisiti a minibasi ndi malo ogona ndapereka kale kwa a Msungichuma, ndipo wofuna kuona mmene alawansi yayendera akawaone.

Za kalembedwe ka mabuku ndi misonkho zinali zomwe timazidziwa kale. Chimene chinandigwira mtima ndi phunziro la mfundo zoyendetsera kopaletivi. Tinamva za anthu 28 a ku Rochdale ku England, ambiri mwa iwo oluka nsalu, omwe anatopa ndi ogulitsa owabera pa sikelo ndi kuwagulitsa ufa wosakaniza ndi zinthu zina. Mu 1844 anasonkha paundi imodzi aliyense n'kutsegula kasitolo ka ufa, shuga ndi batala. Anapangana kuti membala aliyense akhale ndi voti imodzi, kaya masheya ake achuluke bwanji, ndipo phindu ligawidwe molingana ndi mmene munthu wagulira pasitolopo. Mu 1995 ku Manchester, bungwe la makopaletivi a pa dziko lonse lapansi la International Co-operative Alliance linakhazikitsa mfundo 7 zomwe makopaletivi amatsata lero, ndipo ya voti imodzi ilimo.

Apa ndiye ndinakumbuka kwathu. Tsiku lija tinkakambirana mtengo wa soya, amayi a sheya imodziimodzi anakhala pamkeka kumbuyo, manja ali m'mwamba mpaka kutopa, koma nkhani inathera pabenchi la a masheya ambiri. Ena mumati woika zambiri ndiye amataya zambiri. Ndikumva. Nanga bwanji tinadabwa amayi omwewo atakagulitsa soya wawo kwa mavenda? Anaona kuti kopaletivi si yawo.

Nthumwi zinagwirizana kuti kopaletivi iliyonse izipatula kaphindu kothandizira dera lake, monga imanenera mfundo yomaliza mwa mfundo 7 zija. Ine ndikuti tizichita, koma tiyambe takonza za m'nyumba. Sikelo yathu ikugonabe kunyumba kwa mmodzi wa akomiti, ngakhale tinagwirizana chaka chatha kuti izikhala kunkhokwe, ndipo madandaulo a matumba operewera makilo sanayankhidwe mpaka lero.

Ndikupempha a Mlembi kuti pamsonkhano ukubwerawu aike nkhani ziwiri patsogolo: kuti chigamulo chilichonse tiziwerenga manja a aliyense mokweza, ndiponso kuti sikelo ibwerere kunkhokwe, a Malawi Bureau of Standards aiyese tisanayambe kugula soya chaka chino.